Mmene mungafunsire ophunzira a ku sekondale za umoyo wawo kuti akuuzeni zoona

Ulendo woyamba umene tinafunsa ophunzira athu za umoyo wawo, tinalakwitsa pafupifupi chilichonse. Ndinalemba mafunso pabolodi, ana n'kumayankha pamapepala ong'amba m'makope, pamwamba atalemba dzina ndi kalasi ngati ndi mayeso. Wotolera mapepalawo ndinali ine ndemwe, kuyenda mzere ndi mzere. Madzulo powerenga ndinapeza kuti sukulu yathu ndi ya angelo okhaokha: palibe anamwapo mowa, palibe ali pachibwenzi, palibe anagonapo ndi njala. Chonsecho sabata yomweyo tinali titazenga mlandu wa anyamata opezeka ndi chamba kuseri kwa zimbudzi, ndipo mtsikana wina wa Fomu 2 anali atangosiya kubwera, osatsanzika.

Anawo sananame chifukwa cha mwano ayi. Anayankha mmene munthu amayankhira mphunzitsi amene mawa akhoza kumuuza kuti akaitane makolo. Zonse zimene ndalemba m'munsimu zikuchokera pamenepo. Mwana amanena zoona akatsimikiza kuti palibe adzadziwe kuti ananena ndi iye, komanso akaona kuti kunenako kuli ndi phindu.

Choyamba: mayankhowo mukatani nawo?

Musanalembe funso ndi limodzi lomwe, khalani pansi anthu ochepa. Pakhale ahedi kapena achiwiri awo, mphunzitsi wa Life Skills, a metroni ngati sukulu ndi yogonera pompo, mayi mmodzi wa m'gulu la amayi, mlangizi wa zaumoyo wa kuchipatala chapafupi, ndi ophunzira awiri, mtsikana ndi mnyamata. Ophunzirawa asakhale mahedi boyi ndi mahedi gelo okhaokha, chifukwa iwo anazolowera kulankhula zokomera aphunzitsi.

Aliyense anene chimene chimamudetsa nkhawa. Kenako pa nkhani iliyonse dzifunseni kuti, tikapeza kuti vutoli lilipodi, tichitapo chiyani? Ngati yankho ndi lakuti palibe, komanso palibe kumene mungakatule, nkhaniyo isiyeni. Kufunsa mwana ngati anagwiriridwapo, iye n'kuvomera, inu n'kutsekera pepalalo mukabati, n'kumupweteka kachiwiri.

Nkhani zake zimasiyana ndi malo. Pa CDSS pomwe atsikana ambiri amachita lendi tizipinda pafupi ndi msika, muyenera kufunsa za kogona, chakudya ndi chitetezo usiku. Kusukulu ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi kapena ya Chilwa, funso la kukodza magazi lisasowe chifukwa cha likodzo. Kusukulu yogonera pompo kuli nkhani ya nyemba zofumbwa, nsikidzi, ndi a Fomu 1 ochapitsidwa zovala ndi akuluakulu awo. M'madera amene anakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 muli ana amene anataya abale ndi nyumba, ndipo funso la tulo ndi mantha limakhala lolemera kuposa kwina. Sankhani mitu isanu kapena isanu ndi umodzi basi.

Chachiwiri: kulemba mafunso

Apa ndi pomwe pagona ntchito, ndiye pasakhale phuma.

Simuyenera kuyamba popanda poyambira. Bungwe la WHO mogwirizana ndi CDC, nthambi ya boma la America yolimbana ndi matenda, linakonza kafukufuku wotchedwa Global School-based Student Health Survey, mwachidule GSHS, yemwe kuno ku Malawi anachitika mu 2009. Mafunso ake amapezeka ulere pa intaneti ndipo ali m'mitu khumi: mowa, kadyedwe, mankhwala ozunguza bongo, ukhondo, maganizo, masewera olimbitsa thupi, anthu ndi zinthu zomuteteza mwana, kugonana, fodya, komanso nkhanza ndi kuvulala. Tengani oyenera kwanuko, muwonjezere anuanu. Onse pamodzi asapitirire 40. Akachuluka, mwana amatopa n'kuyamba kungochonga mzere umodzi mpaka pansi kuti akapume.

Mafunso akhale m'zilankhulo ziwiri papepala lomwelo, Chingerezi ndi Chichewa, ndipo komwe ana amalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena kunyumba, ganiziraninso zimenezo. Inde kusekondale timaphunzitsa m'Chingerezi, koma aliyense amene anaphunzitsapo Fomu 1 teremu yoyamba akudziwa mmene zimakhalira. Wina amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone Chingerezicho abwezere m'Chingerezi, kenako muyerekeze. Mudzaseka nokha ndi zimene zidzatuluke.

Chichewa chathu chili ndi misampha yake. Funso lakuti "Kodi wadya lero?" limaoneka losavuta, koma mwana amene wadya mbatata ziwiri ndi tiyi m'mawa adzati sanadye, poti kudya ndi nsima. Funsani kuti, "Usanabwere kusukulu lero, unaikako kalikonse m'kamwa, kaya phala, mbatata, chimanga kapena nsima?" Mawu akuti kusamba ali pawiri: mukafunsa mtsikana ngati anajombapo chifukwa cha kusamba, wina aganiza za madzi ndi sopo, wina za kumwezi. Lembani kuti msambo kapena kumwezi. Fodya nayenso ndi wovuta chifukwa anyamata chamba amachitcha fodya wamkulu, choncho patulani funso la ndudu ndi la chamba. Mowa utchuleni mayina ake, kachasu, masese, Chibuku, wa m'mabotolo, popeza ena amaona ngati masese a pamwambo si mowa. Ndipo musasokoneze chibwenzi ndi kugonana. Alipo ali pachibwenzi amene sanagonanepo ndi munthu, aliponso ogonedwa ndi munthu amene sangamutche chibwenzi.

Pa nkhanza, funsani zimene zinachitika, osati dzina la chinthucho. Mukati "Kodi unachitidwapo nkhanza?" mwana wokwapulidwa ndi lamba sabata iliyonse adzati ayi, chifukwa kwa iye kumeneko ndi kulangidwa. Koma mukati "Kodi munthu wamkulu anakumenyapo mpaka kutupa kapena kutuluka magazi?" ayankha zimene zinamuonekera. Chimodzimodzi ndi za maganizo. Mawu a m'mabuku sawafika pamtima. Ana amati ndimaganiza kwambiri, mtima sukhala m'malo, tulo sindiliona, palibe chikundisangalatsa. Gwiritsani ntchito amenewo.

Funso limodzi lifunse chinthu chimodzi. "Kodi zimbudzi ndi zaukhondo ndi zokwanira?" ndi mafunso awiri ovala malaya amodzi. Tchulaninso nthawi. A GSHS kawirikawiri amafunsa za masiku 30 apitawa kapena miyezi 12 yapitayi. Ine ndimaona kuti ana amakumbuka bwino mukati "chitsegulire teremu ino", koma dziwani kuti mukasintha choncho simungayerekezenso zanu ndi za GSHS.

Pali zinthu ziwiri zimene zimateteza mwana kuposa malonjezo onse amene mungalankhule. China n'chakuti pasakhale polemba mawu, pakhale pochonga pokha. Mphunzitsi amene wachonga makope a kalasi kwa zaka ziwiri amadziwa kalembedwe ka mwana aliyense, ndipo anawo akudziwa kuti amadziwa. Chinacho n'chakuti pasakhale malangizo oti "ngati wayankha ayi, dumpha upite pa funso 20". Zikatero osamwa ndi osagonana amamaliza msanga n'kuyamba kuyang'ana amene akadali chiweramire, ndipo kalasi yonse imadziwa chifukwa chake. M'malo mwake funso lililonse likhale ndi poyankha aliyense, mwachitsanzo:

M'masiku 30 apitawa, ndi masiku angati amene unamwako mowa?
Sindinamwepo chibadwire
Ndinamwapo kale koma osati m'masiku amenewa
Tsiku 1 kapena 2
Masiku 3 mpaka 9
Masiku 10 kapena kuposa

Za mwini wake funsani zochepa: mnyamata kapena mtsikana, Fomu, ndi zaka m'magulu, monga 14 kutsika m'munsi, 15 mpaka 17, 18 kupita m'mwamba. Mukawonjezera mudzi, mpingo ndi ntchito ya bambo, ndiye kuti mwalemba dzina lake mwa njira ina. Yambani ndi mafunso opepuka a chakudya, madzi ndi ulendo wa kusukulu, olemera akhale pakati, ndipo mutsirize ndi abwino, monga ngati ali ndi mnzake wapamtima kapena munthu wamkulu amene amamukhulupirira. Mwana asatuluke m'chipindamo funso lomaliza m'mutu mwake lili la imfa.

Funso la kudzipha aphunzitsi ambiri amaliopa, amati tiwapatsa maganizo oipa. Akatswiri a za maganizo anafufuza nkhaniyi ndipo anapeza kuti kufunsa sikuchititsa munthu kufuna kudzipha. Lifunseni mwachindunji ndi mwaulemu, bola thandizo likhale lokonzeka monga ndifotokozere kutsogoloku.

Mukamaliza, kayeseni mafunsowo pa ana asanu ndi atatu kapena khumi a sukulu ina ya mu kilasita yanu, gulu lija la sukulu zoyandikana. Akayankha, musawafunse zimene achonga. Afunseni kuti funso lakutilakuti alimva bwanji, ndi mawu ati amene iwo sanena, ndi pati pamene anasowa poyankha. Onaninso wotchi. Ngati wochedwa kwambiri wapitirira mphindi 40, dulani mafunso ena.

Chachitatu: chilolezo

Pali kusiyana pakati pa sukulu imene ikudzifufuza yokha kuti ikonze zinthu, ndi munthu amene akufuna kulemba pepala la digiri kapena lipoti lofalitsa. Ngati zotsatira zituluke kunja kwa mpanda, kapena mukufunsa sukulu zingapo, pamafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Ya ku Unduna wa Zaumoyo ndi National Health Sciences Research Committee, ku Kamuzu University of Health Sciences kulinso komiti yotere, ndipo National Commission for Science and Technology ili ndi komiti yoona za kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu. Zimatenga nthawi, yambani msanga. Ngakhale zili za pasukulu pokha, lemberani kalata ku ofesi ya Education Division yanu, mafunso ali pomwepo, kuti mawa wina asadzati munkaphunzitsa ana zolaula.

Kenako makolo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndiye ambiri mwa ophunzira anu sangavomere okha. Kalata yopita kwa makolo ikhale ya tsamba limodzi, m'Chichewa, yonena mitu yonse mosabisa, kuphatikizapo za kugonana. Mukabisa, adzamva kwa ana madzulo a tsikulo, ndipo m'mawa mwake mudzawapeza pakhomo la ofesi. Koma kalata yokha siikwanira. Ana ambiri amakhala ndi agogo osawerenga, ena amadzisainira okha panjira. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mafunso awerengedwe mokweza kwa ofuna kumva, ndipo wosatha kulemba adinde chala. Kusukulu yogonera pompo, perekani makalata potsekera kuti abwere nawo potsegulira.

Musaiwale amfumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Amene anali ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 akukumbuka mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu ndi kuimitsa ntchito za mabungwe. Alendo ofika pasukulu ndi makatoni, n'kutsekera ana m'chipinda aphunzitsi atatulutsidwa, ndi nkhani yosachedwa kupotozedwa. N'chifukwa chakenso ine sindisakaniza kafukufukuyu ndi zoyeza magazi kapena kubaya. Zimenezo ndi za achipatala, pa tsiku lawo.

Kholo likavomera, mwana akhoza kukanabe. Muuzeni zimenezo momveka, ndipo kukana kusakhale ndi chilango ngakhale cha m'maso.

Chachinayi: konzani thandizo lisanafike tsikulo

Kafukufuku wopanda mayina ali ndi chowawa chimodzi. Mudzapeza pepala limene mwana wachonga kuti anayesapo kudzipha, kapena kuti munthu wamkulu amamukakamiza kugona naye, ndipo simudzadziwa kuti ndi ndani. Mtima udzafuna kufufuza, kukumbukira amene anakhala pakona, kuyerekeza zaka ndi Fomu. Musatero. Mukangopeza mmodzi mwa njira imeneyo, ngakhale ndi cholinga chabwino, sukulu yonse idziwa kuti chinsinsi chija chinali bodza.

Njira yake ndi kutsegula khomo kuti mwanayo abwere yekha. Konzani kapepala kakang'ono kokwana m'thumba la yunifolomu, koti aliyense alandire, wovutika ndi wosavutika yemwe. Palembedwe nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, tsiku limene chipatala chapafupi chimathandiza achinyamata, ndi akuluakulu awiri a pasukulu, wamkazi ndi wamwamuna, amene angawapeze. Awiriwa asankhidwe ndi ophunzira. Mudzadabwa kuti nthawi zina amene ana amamukhulupirira si amene ali ndi udindo wa uphungu.

Akuluakulu awiriwa adziwiretu chochita. Mwana akabwera n'kuulula ndi pakamwa kuti akuchitidwa nkhanza, apo sipakhalanso lonjezo lakuti sindiuza munthu. Amuuze mwachikondi kuti nkhaniyi iyenera kufika kwa omuthandiza, ndipo amuuze kuti ndi ndani: a zachitetezo cha ana a ku ofesi ya Social Welfare, a Victim Support Unit kupolisi, ndi achipatala. Ngati wagwiriridwa posachedwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Wonena za kudzipha asasiyidwe yekha, ndipo asalalikiridwe. Kayendereni anthu onsewa sabata imodzi tsiku lisanafike, muwauze kuti mwina kubwera ana.

Chachisanu: ofunsidwa ndi tsiku lake

Ngati sukulu ili ndi ophunzira 300 kapena ocheperapo, funsani onse. Ikakhala yaikulu, sankhani makalasi athunthu mwamaere. Lembani 1A, 1B, 1C patimapepala, ponyani m'chitini, mwana mmodzi atole pamaso pa anzake, ndipo muchite chimodzimodzi Fomu iliyonse. Musalole kuti ahedi akusankhireni kalasi ya ana anzeru, kapena kuti ofuna akweze manja. Okweza manja ndi omwe aja amakhala kutsogolo. Ngati pali ophunzira a open obwera masana, nawonso ndi ana a pasukulupo, ndipo ambiri a iwo ndi amene amayamba ndi ganyu m'mawa.

Tsiku likhale pakati pa teremu ndi pakati pa sabata. Pewani sabata ya mayeso, tsiku la msika, Lachisanu masana, ndi nyengo imene a Fomu 2 ndi Fomu 4 ali kalikiliki ndi JCE ndi MSCE. Kumbukiraninso kuti funso la njala limayankhidwa mosiyana mu Febuluwale ndi mu Juni anthu atakolola. Palibe mwezi wolakwika, koma lembani mwezi umene mwachitira.

Ojomba ndi nkhani yaikulu. Mwana amene palibe tsikulo kawirikawiri ndi yemwe akudwala, ali kumwezi wopanda mapadi, wabwezedwa chifukwa cha ndalama, kapena akusamala wodwala kunyumba. Ndiye kuti amene mukuwafuna kwambiri ndi amene kulibe. Werengani ojomba, ndipo mubwerenso tsiku lina sabata yomweyo kudzawafunsa onse pamodzi, mapepala awo n'kusakaniza ndi a anzawo.

Za kufunsa kudzera pa WhatsApp kapena pafoni, ine ndimakana. Mungomva za ana a m'mabanja opezako bwino, ndipo foni yambiri ndi ya mayi kapena ya achimwene. Ngati bungwe lakubwerekani matabuleti, pulogalamu yofunsira mafunso ya KoboToolbox imagwira ntchito popanda netiweki ndipo imachepetsa ntchito yolowetsa mayankho. Apo ayi, pepala ndi bolopeni n'zokwanira.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lenilenilo

Woyang'anira asakhale mphunzitsi wa pasukulupo. Pemphani alangizi a zaumoyo, kapena musinthane ndi aphunzitsi a sukulu ina. Aphunzitsi a pamalopo akhale kutali ndithu, osati kuima pawindo manja ali kumbuyo.

M'makalasi mwathu momwe desiki imodzi amakhalapo atatu, chinsinsi sichingatheke. Gawani kalasi pawiri, kapena pemphani holo kapena tchalitchi chapafupi. Pansi pa mitengo pamathekanso ngati kulibe mphepo. Atsikana akhale kwaokha ndi woyang'anira wamkazi, anyamata kwaokha. Aliyense alandire bolopeni yofanana ndi ya mnzake, chifukwa amene amalemba ndi yobiriwira kalasi yonse imamudziwa, komanso pepala loyera lophimbira mayankho.

Katoni yoponyamo mapepala ionetsedwe ili yopanda kanthu, imatidwe ana akuona, pamwamba pabooledwe kampata kolowa pepala lopinda. Kenako woyang'anira alankhule mawu omwewo m'chipinda chilichonse, olembedwa kale. Athu ankamveka motere:

"Awa si mayeso, palibe kukhoza kapena kulephera. Musalembe dzina paliponse. Aphunzitsi anu, ahedi ndi makolo anu sadzadziwa kuti pepala ili ndi la ndani. Funso limene simukufuna kuyankha lisiyeni. Ngati simukufuna kuyankha chilichonse, khalani chete ndi pepala lanu, pomaliza mulipinde n'kuponya ngati anzanu, palibe adziwe. Koma ngati wina abwera kudzandiuza ndi pakamwa kuti akuzunzidwa kapena moyo wake uli pachiswe, ndidzamuthandiza kupeza anthu oyenera, sindidzangokhala nazo."

Woyang'anira akhale kutsogolo, asamayendeyende. Wina akafunsa tanthauzo la funso, ayankhe mokweza kwa onse osapita padesiki pake. Ku Fomu 1 zimathandiza kuwerenga funso lililonse mokweza, onse n'kumachongera limodzi, ndipo zimenezi zimathandizanso wosaona bwino. Padzakhala kuseka pofika pa mafunso a kugonana, makamaka kwa anyamata. Asiyeni aseke pang'ono, kumatha kokha. Palibe wotuluka nthawi isanakwane. Ikakwana, aliyense apinde pepala, aponye yekha m'katoni, alandire kapepala ka thandizo kaja pakhomo. Wina akayamba kulira pakati pa ntchito, pakhale munthu wachiwiri panja woti akhale naye.

Katoni ichoke pasukulupo tsiku lomwelo, isagone mu ofesi ya ahedi. Sikuti ahedi ndi akuba ayi, koma ana akuona kumene yalowera.

Chachisanu ndi chiwiri: kuwerengera

Tsegulani makatoni muli awiri kapena atatu, sakanizani mapepala, kenako mulembe manambala 1, 2, 3 pakona kuti mukalakwitsa muzitha kubwerera. Mu Excel, pepala lililonse likhale mzere wake, funso lililonse danga lake. Popanda kompyuta, kope la masamu ndi timizere towerengera zimagwira, kungoti zimadya masiku. Wina awerenge, wina alembe, ndipo pomaliza mutenge pepala limodzi pa khumi alionse muonenso ngati munalowetsa molondola.

Funso losayankhidwa si "ayi". Lisiyeni lopanda kanthu ndipo lichotseni powerengera. Tiyerekeze kuti atsikana 160 analandira mapepala, 12 sanayankhe funso la kujomba chifukwa cha msambo, ndipo 37 anavomera. Mugawa 37 ndi 148, osati ndi 160, ndipo mupeza 25 pa 100 alionse. Koma onaninso mafunso amene ambiri awadumpha. Mwina sanamveke, mwina ndi pomwe pali bala.

Patulani za atsikana ndi za anyamata, za Fomu 1 ndi za Fomu 4, chifukwa chiwerengero cha sukulu yonse chimabisa zambiri. Malire ake ndi awa: gulu likakhala la anthu osakwana khumi, musalitchule palokha. Mukalemba kuti mwa atsikana atatu a Fomu 1 a zaka 18 mmodzi anakhalapo ndi mimba, mwaloza munthu ndi chala. Chenjeraninso ndi mawu akuti "chifukwa". Mukapeza kuti ambiri mwa osowa tulo ndi omwenso amamwa mowa, simunadziwe kuti chinayamba n'chiti.

Mapepala akhale m'kabati yokhoma, ndipo ntchito ikatha atenthedwe inu mukuona mpaka asanduke phulusa. Ndinagulapo mandasi okulungidwa m'pepala la mayeso la mwana amene ndinkamuphunzitsa, dzina ndi malikisi zili poyera. Pepala lotayidwa pasukulu limathera pachiwaya cha tchipisi kapena kuchimbudzi.

Chomaliza: kubweza zotsatira

Oyamba kumva akhale ophunzira, ndipo pasathe mwezi. Osati pa asembule pomwe ahedi amakalipa, koma kalasi ndi kalasi, manambala ochepa atalembedwa pabolodi. Afunseni kuti, zikugwirizana ndi zimene mumaona? N'chifukwa chiyani zili chonchi? Apa ndi pomwe mumamva zimene pepala silinganene. Ife tinkadabwa kuti atsikana akudandaula za zimbudzi pomwe zinali zomangidwa kumene. Atsikanawo ndi amene anatiuza kuti zitseko zake zinalibe zokhomera, ndipo zinayang'ana ku bwalo la mpira.

Onetsani zabwino zomwe. Ana amaganiza kuti anzawo onse amamwa ndipo onse ali ndi zibwenzi. Ngati manambala anu akuonetsa kuti ambiri satero, kungowauza zimenezo kumamasula amene ankadziona wotsalira.

Kenako aphunzitsi, komiti ya makolo, gulu la amayi, achipatala ndi a ku Division. Musanawaonetse kalikonse, mugwirizane chinthu chimodzi: palibe chilango chochokera mu kafukufukuyu. Ahedi akamva za chamba n'kukagwedeza mahositelo m'bandakucha, kapena a metroni akayamba kupsinya mimba za atsikana, chaka chamawa mudzalandiranso mapepala a angelo aja. Ndipo ngati ana anena kuti wowavutitsa ndi munthu wamkulu wa pasukulu pomwepo, zimenezo zisathere mu ofesi ya aphunzitsi. Zifike ku Division ndi ku Social Welfare molembedwa, ngakhale anzanu akuyang'aneni ndi diso lofiira.

Pamsonkhano womwewo sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zoti zichitike teremu yomweyo, chilichonse ndi dzina la wochita ndi tsiku lake. Chimodzi chikhale chooneka ndi maso msanga, monga zokhomera pazitseko, ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo la chimbudzi, kapena mlangizi wa zaumoyo kumabwera Lachitatu loyamba la mwezi. Zina, monga njala ya ana ochokera kutali, ndi zofuna makolo ndi mabungwe, ndipo manambala anu ndi amene mukagogode nawo pamakomo awo. Atsikana amene anasiya chifukwa cha mimba akumbutsidwe kudzera m'gulu la amayi kuti ndondomeko ya boma imawalola kubwerera akabereka.

Sungani pepala limodzi la mafunso losayankhidwa, mawu aja a woyang'anira, ndi chiwerengero cha ojomba mu fayilo imodzi, ndipo muuze mphunzitsi wina pomwe ili, popeza kusamutsidwa sikuchenjeza. Chaka chamawa, mwezi womwewo, funsaninso mafunso omwewo osasintha ndi liwu limodzi lomwe, kupatula okhawo amene ana anakuuzani kuti sanawamve.